Kodi Verlander achoka ku Mets msika usanatsekedwe Lachiwiri?

Bambo a Tadala (Queens), Lamlungu 30 July 2023, usiku

Abale, ndangolowa m'nyumba kuchokera ku Citi Field, bwalo la timu yathu ya baseball ya New York Mets, koma mtima sunakhale pansi. Ndinatenga Tadala kukaonera Justin Verlander akuponya pamasewero athu ndi Washington Nationals. Tawachinya 5-2, ndipo kwa iyeyo uku kunali kupambana kwa nambala 250 chilowereni mu ligi yaikulu. Komabe chisangalalo chenicheni m'bwalomo munalibe. Kochi wathu wamkulu Buck Showalter atatuluka kudzatenga mpira m'manja mwake mu inning yachisanu ndi chimodzi (inning ndi chigawo cha masewero, zimakhala zisanu ndi zinayi), tonse tinaimirira n'kuwomba m'manja nthawi yaitali, muja timachitira poperekeza mlendo amene sitikudziwa kuti adzabweranso liti. Mkulu wina wa imvi amene anakhala kutsogolo kwathu anavula chipewa n'kuchigwirira pachifuwa mpaka Verlander analowa mu dugout, mokhala osewera. Pobwerera, tili mu sitima ya nambala 7, Tadala anandifunsa kuti, "Adadi, jezi yanga ya 35 ija ndizivalabe?" Ndinasowa chomuyankha.

David Robertson, woponya wathu wotsekera masewero, anapita ku Miami Lachinayi. Max Scherzer, woponya wathu wina wamkulu, wapita ku Texas Rangers. Msika wosinthana osewera utsekedwa Lachiwiri 6 koloko madzulo, nthawi ya kuno ku New York. Mukuona bwanji anzanga, mkuluyu atsala kapena nayenso wamanga kale katundu?

Madalitso (Area 25, Lilongwe)

Bambo a Tadala, ndaonera masewerowo kuchokera poyamba. Mwayi wake anayamba cha m'ma 7:40 madzulo kuno, osati 1 koloko usiku monga mwa masiku onse. Magetsi anazima mu inning yachitatu, ndinamalizira pa foni mpaka bandulo yatsala pang'ono kutha. Ine ndikuti wapita. Timu yapambana 50 n'kugonja 55, kwatsala magemu 57, Atlanta ili kutali moti sitikuionanso. Mwezi wa June wokha tinapambana 7 n'kugonja 19. Munthu amene wagulitsa Scherzer, n'kulipiranso madola pafupifupi 35 miliyoni kuti Texas imutenge, sangaime pakatikati. Akasesa onse amene ali ndi mtengo.

Yamikani (Johannesburg)

Pepani akuluakulu, ine baseball ndayamba kuitsatira chaka chino chomwe, mundipirire. Mets yagulitsa wosewera, koma ndiyonso ikupereka ndalama? Ku mpira wamiyendo amene akugula ndi amene amalipira. Apa zikuyenda bwanji?

Gama (South Bend)

Achemwali, funso lanu ndi labwino, ambiri zimatisokoneza poyamba. Kuno kulibe ndalama yogulira wosewera ngati ku Ulaya. Matimu amasinthana anthu, ndipo wosewera amapita ndi kontrakiti yake momwe ilili. Timu imene yamulandira ndiyo imapitiriza kumulipira. Ndiye ngati malipiro ake ndi olemera, timu yolandirayo imati, "Katundu ameneyu ngolemera, sitingakupatseninso mnyamata wabwino pamwamba pake." Apo mwini timu wa ndalama amati, "Chabwino, gawo lina la malipirowo ndilipira ndine, koma mundipatse mnyamata amene ndikumufuna." Ndi zimene wachita Steve Cohen, mwini wa Mets. Wasenza gawo la malipiro a Scherzer kuti atenge Luisangel Acuña, mng'ono wake wa Ronald Acuña Jr. wa ku Atlanta.

Za Verlander zili chonchi. Anasaina mu December zaka ziwiri pa madola 86.7 miliyoni, ndiye kuti oposa 43 miliyoni pachaka. Mulinso mfundo yoti akaponya ma inning 140 chaka cha mawa, ali ndi ufulu wotenga chaka chachitatu, cha 2025, pa madola 35 miliyoni. Zaka zake ndi 40. Ndipo chachikulu n'chakuti mu kontrakitimo analembetsa kuti sangamusamutse popanda iye kuvomera. Billy Eppler, mkulu woona za osewera ku Mets, akhoza kugwirizana ndi timu iliyonse, koma mawu omaliza ali ndi mwini mkono.

Yamikani (Johannesburg)

Zikomo achimwene, tsopano ndamva. Ndiye kuti akakana, nkhani yathera pomwepo?

Gama (South Bend)

Pomwepo basi.

Nabanda (Houston)

Achimwene a ku Queens, mundikhululukire, ndikudziwa kuti zikukupwetekani, koma ife a Houston Astros kuno tikumufuna mwana wathu abwerere kwawo. Oponya athu avulala: Luis Garcia anachitidwa opaleshoni ya chigongono, chaka chino sabweranso. Lance McCullers Jr. sanaponye ngakhale mpira umodzi. José Urquidy phewa lamusunga panja kuyambira kumayambiriro. Tatsamira pa Framber Valdez, Cristian Javier amene masiku ano sakuoneka bwino, ndi anyamata monga Hunter Brown amene sanazolowere kusenza chaka chathunthu. Pamene Rangers, amene tikulimbirana nawo malo oyamba, atenga Scherzer, lero atenganso Jordan Montgomery ku St. Louis. Ife tingokhala manja lende?

Kuntchito kwathu, pa shifiti ya usiku, nkhani ndi imeneyi basi. Mayi wina amene timagwira naye ntchito amasunga chithunzi cha Verlander mu loka yake kuyambira 2017. Anthu kuno samuiwala chifukwa anabwera nthawi imene mzinda unali m'madzi. Namondwe wa Harvey anali atangodutsa kumene, anthu ali m'misasa, nyumba zodzaza matope, kenako usiku wa 31 August tikumva kuti Verlander wavomera kuchoka ku Detroit. Mu September anaponya magemu asanu n'kupambana onse. Pamasewero achiwiri ndi Yankees mu October, mwezi wa masewero olimbirana chikho, anaponya ma inning onse asanu ndi anayi yekha, n'kutulutsa anthu 13 pa strikeout (womenya kulephera mpira katatu). Chaka chatha, atachoka pa opaleshoni ya chigongono yotchedwa Tommy John imene inamudyera 2021 yense, anapambana 18 n'kugonja 4, ERA (avareji ya ma run amene woponya amalola pa ma inning asanu ndi anayi) 1.75, n'kutenga Cy Young, mphoto ya woponya wopambana, yake yachitatu. Ine sindinamvetse kuti anamulola bwanji kuchoka poyamba pomwe.

Gama (South Bend)

Mayi Nabanda, usiku umene mukuukumbuka ndi chimwemwewo ine ndimaukumbuka ndi chisoni. Ndakhala wa Detroit Tigers kuyambira 2006, chaka chimene Verlander anakhala Rookie of the Year, wosewera watsopano wopambana. Ndinkayendetsa galimoto maola atatu ndi theka kupita ku Comerica Park kuti ndikaone iyeyu basi. Mu 2011 anapambana magemu 24, n'kutenga Cy Young ndi MVP (mphoto ya wosewera wopambana onse) chaka chimodzi, chinthu chimene woponya sachita kawirikawiri. Atamusintha anatiuza kuti tadekhani, tatenga tsogolo. Tsogololo linali Franklin Pérez, Daz Cameron ndi Jake Rogers. Pérez kuvulala kunamulondalonda, sanafike n'komwe mu ligi yaikulu. Cameron anabwera, sanakhazikike, anapita. Watsala Rogers yekha, wogwira mipira kumbuyo kwa womenya. Pamene Verlander, amene ankati wayamba kutha, watenga Cy Young ziwiri ndi zikho ziwiri za World Series chichokereni kwathu.

Ndiye Bambo a Tadala, akakuuzani kuti "tatenga achinyamata apamwamba", mudziwe kuti ndi mbewu imene sinamere. Ina imamera, yambiri imawolera m'nthaka.

Kondwani (Los Angeles)

Achimwene a Gama, mbali inayo ilinso ndi umboni wake, ndipo ndi wa timu yanu yomweyo. Mu 1987 Detroit inatenga Doyle Alexander ku Atlanta. Mkuluyo anapambana magemu 9 osagonja ngakhale kamodzi, Tigers n'kutenga division. Mnyamata amene anamupereka anali John Smoltz, amene lero ali mu Hall of Fame. Houston nayo mu 1998 inatenga Randy Johnson ku Seattle, anapambana 10 n'kugonja 1, koma mu October anatuluka msanga, iye n'kupita ku Arizona, pamene Freddy García ndi Carlos Guillén anatumikira Seattle zaka zambiri. Ogulitsa nawonso amapindula.

Ine ndikuona kuti Dodgers ndi amene ali ndi anyamata ambiri oti angakhutitse Mets. Kershaw phewa likumuvuta, Buehler sanabwerere, Dustin May watha chaka chino. Lance Lynn amene tamutenga ku Chicago sakukwanira yekha. Vuto ndi chaka cha 2025 chija. Andrew Friedman, mkulu woona za osewera ku Dodgers, si munthu wokonda kulonjeza madola 35 miliyoni kwa woponya amene adzakhale ndi zaka 42.

Bambo a Tadala (Queens), Lolemba 31 July, m'mawa

Ndawerenga zonse ndisanapite kuntchito. Ndinene zimene zandisowetsa tulo. Sindikudandaula kuti chaka chino chatha, zimenezo ndinazivomereza kale Edwin Díaz atathyoka bondo mu March akusangalalira kupambana kwa Puerto Rico. Chimene ndikufunsa ndi chaka cha mawa. Verlander akachoka, amene atsale kuponya ndi ndani? Kodai Senga, inde, mnyamata ameneyu ndi dalitso. José Quintana, amene wangobwerera kumene. Kenako? Peterson ndi Megill tawayesa, tawaona. Ndiye kuti mu December tidzapitanso kumsika kukagula woponya pa mtengo womwewo kapena woposa, ndipo sitidzapeza wofanana ndi amene tili naye m'manja lero.

Komanso anthu akulankhula ngati munthuyu watha. Inde anayamba chaka ali wovulala mnofu wa kuseri kwa phewa, ndipo anaponya koyamba pa 4 May ku Detroit. Masabata oyamba ankapepesuka, ndinalipo tsiku lina anthu akumukuwiza pa Citi Field. Koma kuyambira kumapeto kwa June wakhala Verlander weniweni. ERA yake yatsika kufika 3.15. Dzulo ndinaona ndi maso anga curveball ija ikugwa ngati yagwera m'dzenje, womenya n'kutsala ali chilili. Si munthu woti n'kumutaya chifukwa timu yonse yalephera kumenya.

Ife a Mets tili ndi mabala akale. Pa 15 June 1977 anatumiza Tom Seaver ku Cincinnati, ndipo Shea Stadium, bwalo lathu lakale, inakhala yopanda anthu zaka zingapo. Mu 1971 anapereka Nolan Ryan kuti atenge Jim Fregosi. Anansi anga achikulire kuno ku Queens mpaka lero akamatchula zimenezi mawu amawanjenjemera. Sindikuti Verlander ndi Seaver wathu, wangokhala nafe miyezi yochepa. Koma chizolowezi chotulutsa woponya wamkulu pakhomo n'kumati mawa kudzacha bwino, ndicho chimene ndikuchiopa.

Madalitso (Area 25, Lilongwe)

Bambo, ndikumva ululu wanu, koma ndiloleni nditsutseko pang'ono mwaulemu. Seaver anachoka chifukwa eni timu a nthawi imeneyo ankakangana naye pa ndalama. Cohen ndalama si vuto lake. Chaka chino walipira malipiro oposa madola 340 miliyoni, palibe timu inafikapo pamenepo m'mbiri ya baseball. Chaka chatha tinapambana magemu 101 n'kutuluka masiku atatu okha pamaso pa San Diego. Njira yogula akuluakulu tayiyesa kawiri, sinabale. Atlanta imatiposa chifukwa Acuña, Albies, Riley, Harris ndi Strider anakulira pakhomo pawo. Ife m'matimu athu aang'ono mulibe oponya oti tingawadalire. Ngati ndalama za Cohen zingasanduke anyamata anayi kapena asanu abwino sabata imodzi, imeneyo ndi njira yachidule imene matimu osauka alibe.

Ndipo tiganizirenso za munthuyo. Zaka 40, chigongono chosokedwa. Mu May chaka cha mawa mkono ukangoti thapu, mtengo wake udzakhala ziro, ife n'kutsala tikulipira 43 miliyoni. Lero ndi tsiku limene ali ndi mtengo wokwera kuposa tsiku lina lililonse kutsogoloku.

Nabanda (Houston)

Madalitso wanena zoona, koma ine ndikufuna tiyang'ane mbali ya Verlander mwiniwake, chifukwa tonse tikukamba ngati ndi thumba la chimanga. Munthuyu ananenapo kuti akufuna kuponya mpaka zaka 45. Ali pa 250. Oponya amene anafika 300 m'mbiri yonse alipo 24 okha, womaliza ndi Randy Johnson mu 2009, ndipo mmene masewerowa akuyendera masiku ano, oponya akuchotsedwa mu inning yachisanu, mwina sipadzakhalanso wina. Kuti apeze 50 otsalawo akufunika timu yomenya bwino ndi bullpen (oponya olowa m'malo mwake) yosunga zimene wasiya. Kodi timu imene yangogulitsa Robertson ingamusungire chigonjetso? Dzulo atatha masewero anauza atolankhani kuti kuchoka kwa Scherzer kwamuchititsa kuganizanso, ndipo akufuna amve kwa akuluakulu a timu ngati chaka cha mawa akufunadi kulimbirana chikho. Kwa ine amenewo ndi mawu a munthu amene phazi limodzi lili kale panja.

Mnyamata wa zaka 25 ukhoza kumuuza kuti dikira zaka ziwiri. Wa zaka 40 chaka chilichonse chimene wataya sichibwerera.

Kondwani (Los Angeles)

Mayi Nabanda, sindikufuna kuyambitsa mkangano, koma ife a Dodgers 2017 sitinaiiwale. Ligi inapeza kuti Astros ankaba ndi kamera zizindikiro zimene wogwira mpira amapatsa woponya, inalanga timu madola 5 miliyoni, kochi A.J. Hinch ndi mkulu wa timu Jeff Luhnow anachotsedwa ntchito. Chikho chimenecho anachitenga atatigonjetsa ife pa Game 7. Zimandiwawa kuganiza kuti Verlander angasankhe kubwerera kumeneko m'malo mobwera kuno.

Nabanda (Houston)

Achimwene, zimene zinachitikazo zinali zolakwika, sindinaziikirepo kumbuyo ndipo sindiyamba lero. Koma 2022 inali yoyera, Dusty Baker ali pampando wa kochi wamkulu, ndipo ndi chaka chimene Verlander anapambana koyamba masewero a World Series, Game 5 ku Philadelphia, atayesa kambirimbiri osatheka. Amadziwa makochi, amadziwa Martín Maldonado amene amamugwirira mpira, amadziwana bwino ndi mwini timu Jim Crane. Munthu wa banja, wa mwana wamng'ono, akapatsidwa mwayi wosankha amasankha kumene akudziwa njira ya kumsika.

Yamikani (Johannesburg)

Nanga Baltimore? Ndaona kuti ali pamwamba mu American League ndipo akuti ali ndi achinyamata ambiri.

Gama (South Bend)

Anyamata ali nawo ochuluka kuposa aliyense, achemwali, ndipo woponya wodziwa October akumusowadi. Koma eni ake sakonda kutulutsa ndalama, ndipo Mike Elias, mkulu woona za osewera kumeneko, anyamata akewo amawaumira. Komanso kumbukirani kuti wosankha ndi Verlander. Akangouza Eppler kuti "ine ndi Houston basi", Mets ilibenso mphamvu yokweza mtengo, chifukwa wogula watsala mmodzi. Apo ndi pamene ndalama za Cohen zigwire ntchito. Dana Brown, mkulu woona za osewera ku Astros, alibe anyamata ambiri, ndiye kuti apereke abwino ake awiri, Mets iyenera kusenza gawo lalikulu la malipiro.

Madalitso (Area 25, Lilongwe), Lolemba usiku

Mark Canha wapita ku Milwaukee. Bambo a Tadala, kusesa kuja kukupitirira.

Bambo a Tadala (Queens)

Ndaona, mwanawe. Za Canha sindikudabwa, ndipo Tommy Pham naye akachoka sindidabwa, makontrakiti awo akutha. Ine ndikupempherabe kuti Verlander akhale. Ngati Cohen amuitana n'kumuuza maso ndi maso kuti mu December tigulanso anthu, ndikukhulupirira kuti atsala. Iye mwini ananena kuti anabwera kuno kudzapambana, osati kudzadutsa. Ndipo pali Pete Alonso, amene kontrakiti yake ikutha 2024 ikatha. Francisco Lindor anasaina zaka khumi. Anthu amenewa uwauza chiyani ukachotsa oponya awiri akuluakulu sabata imodzi? Kuti nawonso adikire mpaka 2026?

Gama (South Bend), Lachiwiri 1 August, masana

Abale, atolankhani akuluakulu onse akulemba chinthu chimodzi tsopano. Verlander wavomera, akubwerera ku Houston. Mets ikulandira Drew Gilbert ndi Ryan Clifford, onse omenya, osewera kunja. Gilbert ndi amene Astros anamusankha mu raundi yoyamba chaka chatha kuchokera ku Tennessee, Clifford ali ndi zaka 20. Mets ilipira madola pafupifupi 35 miliyoni pa malipiro otsala, ndipo chaka cha 2025 chija chikatheka, ilipiranso theka lake, 17.5 miliyoni.

Madalitso (Area 25, Lilongwe)

Ndinanena kuti apita, koma kuziwerenga kwandikhudzabe. Chimene chandidabwitsa n'chakuti pa Scherzer ndi Verlander sitinatengepo woponya ngakhale mmodzi. Acuña, Gilbert, Clifford, onse ndi omenya. Funso lanu la dzulo, Bambo, loti adzaponye ndani, likadali pomwepo. Ndipo Scherzer wauza atolankhani ku Texas kuti Eppler anamuuza poyera kuti maso a timu ali pa 2025 ndi 2026, chaka cha mawa ndi chongodutsira. Ngati Verlander anamva zomwezo, sindingamuimbe mlandu.

Kondwani (Los Angeles)

Ife tatsala manja ali m'khosi. Tinagwirizana ndi Detroit za Eduardo Rodríguez, iye wakana kubwera, wagwiritsa ntchito mfundo yomwe ija ya mu kontrakiti. Achemwali a Yamikani, chitsanzo cha funso lanu chija ndi chimenechi. Ndipo Baltimore yatenga Jack Flaherty ku St. Louis.

Yamikani (Johannesburg)

Ndaona achimwene. Kuno yakwana 12 koloko usiku, ndiye kuti msika watsekedwa. Bambo a Tadala, muli bwanji kumeneko? Mwakhala chete.

Bambo a Tadala (Queens)

Ndilipo, mwanangu. Ndinali pantchito pamene uthenga unalowa, ndinangoika foni m'thumba n'kupitiriza. Magemu 16 okha ndi amene watiponyera. Ndimaganiza kuti ndidzamuona akuponya mu October pa Citi Field, ndinali nditayamba kale kusunga ndalama ya matikiti awiri. Sindikumukwiyira. Mayi Nabanda ananena zoona, munthu wa zaka 40 sungamuuze kuti adikire. Amene ndikufuna andiyankhe ndi amene anatiuza mu December kuti tasonkhanitsa timu ya chikho, lero akutiuza kuti tiyang'ane anyamata amene ali m'matimu athu aang'ono ku Binghamton ndi ku Brooklyn. Ndiwayang'anadi, Brooklyn si patali, ndidzapita ndi Tadala kukamuona Clifford ameneyu ndi maso anga. Koma a Gama atiuza za Franklin Pérez, ndipo sindiiwala.

Tadala ndamuuza titakhala pa tebulo. Anafunsa ngati Verlander adzabwerenso kudzasewera nafe, ndinamuuza kuti akadzabwera adzakhala mbali inayo. Wapinda jezi ija n'kuiika pansi pa pilo.

Nabanda (Houston), Lachiwiri usiku

Achimwene, mumupatse moni Tadala, mumuuze kuti azakhali ake a ku Houston amusungira mpando akadzabwera. Jeziyo asataye, adzavale pomwe pano, nambala ndi yomweyo.

Ndikulemba ndili panja pa Minute Maid Park, bwalo la Astros, mawu andithera. Ndinasinthana shifiti ndi mnzanga kuti ndibwere, poganiza kuti ndingodzamva mmene anthu alandirire nkhaniyi. Framber Valdez waponya no-hitter (masewero onse osalola hit ngakhale imodzi) pamaso pa Cleveland, 2-0, mipira 93 yokha. Kuyambira inning yachisanu ndi chiwiri palibe amene anakhala pansi, ndipo mayi amene ndinakhala naye pafupi anandigwira dzanja osandidziwa mpaka womenya womaliza atatuluka. Verlander akuyembekezeka kukakumana ndi timu ku New York, sabata ino tikusewera ndi Yankees ku Bronx. Bambo a Tadala, ngati mungapeze matikiti, sitima ya nambala 4 imafika pakhomo penipeni pa bwalolo.